Buku la zojambula ndi zomata: zimene ndaona pa pepala, utoto ndi guluu

Mabuku anga satsekeka. Ukaika limodzi pa tebulo limayasama lokha chifukwa cha zimene zadzaza m'katimo: zojambula za pensulo, utoto wamadzi, tizigamba ta zitenje, malisiti a m'sitolo, mitu ya nkhani yodula m'nyuzipepala, ndi mawu anga olembedwa paliponse pamene patsala mpata. Anzanga akawaona, mafunso awo amakhala omwewomwewo. Utoto umautenga kuti? Bwanji pepala silibooka? Guluu wake ndi uti? Ndiye ndati ndilembe pamodzi zimene ndayesa ndi manja angawa, kuti amene akufuna kuyamba asawononge ndalama pa zinthu zoti sizimuthandiza.

Ine si katswiri. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Limbe, ndipo kusukulu kujambula kwanga kunathera pa mapu a Malawi ndi ziwalo za nsomba. Chinandikoka ndi masamba a mnyamata wina, Dan Eldon, amene ndinawaona pa intaneti. Anabadwira ku London mu 1970, anakulira ku Nairobi, ndipo anaphedwa ku Mogadishu mu Julaye 1993 akujambula zithunzi za nkhani za Reuters, ali ndi zaka 22 zokha. Anasiya mabuku 17 odzaza ndi zithunzi, mapu, zodula m'nyuzipepala, inki ndi utoto. Mu 1990 iye ndi anzake anayenda pa galimoto kuchokera ku Kenya mpaka kuno ku Malawi kudzapereka thandizo kwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Masamba ake ndi opiringizika, zinthu zosanjikizana, zina zopendama, zina zothimbirira ndi zala. Nditawaona ndinati, ngati buku limaloledwa kuoneka chonchi, nanenso ndiyamba.

Kujambula, kupaka utoto ndi kumata, chilichonse pachokha n'chosavuta kuyamba. Mavuto amabuka zikakumana pa tsamba limodzi, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi madzi. Utoto uli ndi madzi, guluu ali ndi madzi, mpweya wa m'dzinja nawo uli ndi madzi. Mukadziwa chimene madzi amachita pa pepala, pa inki ndi pa chinthu chimene mwamata, zotsalazo mudzazitulukira nokha.

Pepala amaliyeza kulemera kwake pa sikweya mita imodzi, ndipo pa paketi amalemba nambala yotsatana ndi zilembo gsm. La fotokope ndi 80 gsm, la m'makope a sukulu ndi lopyapyala kuposa pamenepo. Mukalinyowetsa, timaulusi ta pepala timamwa madzi n'kufufuma. Pamene panyowa pamakula, pouma pali chikhalire, ndiye tsamba limachita mafunde, utoto n'kutsetserekera m'zigwa za mafundewo, kukauma mathothomathotho. Pepala lenileni la utoto wamadzi ndi 300 gsm, ndipo amalikonza mwakuti madzi asalowe msanga. Labwino kwenikweni ndi la thonje lokhalokha. Kuno silipezeka wamba, likapezeka mtengo wake ndi wothetsa nzeru. Ine ndimakhalira la pakati, la 160 mpaka 200 gsm, limene masitolo a zolembera amagulitsa ngati kadi yoyera. Sankhani losanyezimira. Lonyezimira limakana madzi, utoto umangokhala madontho pamwamba. Pepala la pakatili limapindikabe ukalimwetsa kwambiri, koma ukapana ngodya za tsamba ndi zopanira zovala pamene likuuma, kenako n'kulipsinja usiku wonse, limabwerera.

Buku ndimasoka ndekha. Ndimatenga mapepala anayi a A4, kuwapinda pakati onse pamodzi, n'kuboola mabowo atatu pa mzere wopindawo ndi singano yaikulu. Ulusi wolimba ndimayamba ndaupaka kandulo kuti usapotane. Singano imalowa pa bowo lapakati, imatulukira la kumtunda, imadumpha mpaka la kumunsi, imabwereranso pakati, ndipo nsonga ziwirizo ndimazimanga mfundo mokumbatira ulusi wautali uja. Apo kabuku ka masamba 16 katheka. Chikuto ndi katoni yokutidwa ndi chitenje. Kabuku kochepa chonchi sikaopsa, kamatha msanga, komanso kakamatupa ndi zomata msana wake susweka. Ubwino wina ndi wakuti mumasakaniza mapepala monga mwafunira: loyera apa, la khaki la maenvulopu akale apo. La khaki limakonda makala ndi choko choyera, ndipo nkhope zojambulidwa pamenepo zimatuluka bwino kuposa pa pepala la mbee.

Tsamba lomaliza la buku lililonse ndimalisiyira zoyesera. Cholembera chilichonse chatsopano ndimalemba nacho mzere pamenepo, ndidikire uume, kenako ndidutsepo ndi burashi yonyowa. Bolopeni wamba, yemweyu timasainira ku banki, inki yake ndi yamafuta, madzi saisuntha. Choncho mutha kujambula ndi bolopeni n'kupaka utoto pamwamba popanda nkhawa. Zolembera za gel ndi mamaka ambiri a ana zimasungunuka. Nthawi zina kusungunukako ndimakufuna: ukajambula mtengo ndi cholembera chotere n'kukokera inki ndi madzi pang'ono, mthunzi umabwera wokha. Zolembera zopangidwira ntchitoyi, monga Pigma Micron, sizisungunuka zikauma, koma musazilembetse pa utoto kapena guluu wonyowa, nsonga yake imatsekeka.

Pensulo sisungunuka, koma yofewa ngati 4B ndi 6B imasiya fumbi limene limadetsa utoto wowala. Pojambula mizere yoti ndidzapakepo ndimagwiritsa ntchito HB mopepuza dzanja, chifukwa utoto ukadutsa pamwamba, labala safufutanso bwinobwino. Makala ndimaika pomalizira penipeni, tsamba litauma kuti gwa, ndipo ndimaphimbapo kapepala kopyapyala kuti asadetse tsamba loyang'anana nalo. Zithunzi zosindikiza nazo n'zosiyana. Za makina a inki yamadzi, aja ang'onoang'ono a pa desiki, zimachucha zikangokhudzidwa ndi burashi kapena guluu wambiri. Za fotokope sizichucha, poti ufa wake wakuda umamatidwa pa pepala ndi kutentha. Chithunzi chimene ndikufuna kupakapo utoto ndimayamba ndakachichita fotokope.

Utoto ndinayamba ndi kabokosi ka ana ka m'sitolo. Kamagwira ntchito, ndipo musachite manyazi kuyambira pamenepo, ngakhale ukauma umatuwa ngati choko chifukwa ufa wa mtundu umakhala wochepa. Pambuyo pake msuweni wanga anandibweretsera kabokosi ka Cotman ka mitundu 12 kuchokera ku Johannesburg. Mwa mitundu yonseyo, imene imatha ndi yowerengeka: wachikasu, wofiira, buluu wotchedwa ultramarine, wachikasu chadothi wotchedwa yellow ochre, ndi wofiirira wotchedwa burnt sienna. Woyera ndi wakuda akadali odzaza. Burashi imodzi yosongoka ya nambala 8 kapena 10 ndi yokwanira. Ngati pali pomwe muyenera kulipirako bwino, ndi pamenepo. Ikani madzi m'mabotolo awiri, lina lotsukira burashi, lina losungunulira utoto, apo ayi chikasu chanu chidzakhala chotuwa nthawi zonse.

Mu utoto wamadzi choyera ndi pepala lenilenilo. Pamene mukufuna pawale, musapakepo. Mumayamba ndi mitundu yowala, yosungunuka kwambiri, n'kumapita ku yakuda, ndipo utoto ukauma umawala kuposa mmene unalili uli wonyowa. Chovuta kwa ambirife ndi kudikira. Ukabwerezapo pasanaume, wapansi umadzuka n'kusakanikirana ndi wapamwamba, zonse n'kusanduka matope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimagwira masamba awiri nthawi imodzi, lina likamauma ndili pa linzake. Ikani kuseri kwa chala pa pepala: ngati likuzizira, madzi akadalimo.

Nyengo yathu imalowerera kwambiri. Mu Okutobala utoto umauma burashi isanafike kumapeto kwa tsamba, ndipo thambo limatuluka ndi mizeremizere. Nthawi imeneyo ndimayamba ndanyowetsa malo onse ndi madzi oyera, kapena ndimapaka m'mamawa. Mu Januwale, kapena chiperoni chikakuta Blantyre mu Juni ndi Julaye, tsamba limatha kugona lonyowa mpaka mawa. Kandulo yoyera ndi mnzanga m'nyengo ya mvula: ndimakhwatcha nayo mizere yopendama pa pepala louma, ndikapakapo wotuwa, pamene padutsa kandulo pamakana utoto, mvula n'kuoneka ikugwa. Mchere wowaza pa utoto wonyowa umasiya timaluwa toyera, koma ukauma muusesepo wonse, chifukwa wotsalira umakoka chinyontho.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali ndi khungu lathu. Makanema ambiri ophunzitsa utoto wamadzi pa YouTube amaonetsa nkhope zoyera, zimene zimatheka ndi utoto wochepa wosungunuka kwambiri. Ukatsata zimenezo pojambula mwana wa mchemwali wako, amatuluka wotuwa, wooneka wodwala. Ukathamangira wakuda wa m'bokosi, nkhope imazima, imangokhala mwaye. Tayang'anitsitsani munthu atakhala pa khonde masana. Pachipumi ndi pamphuno pamawala, nthawi zina kuwalako kumatengera buluu wa kumwamba. M'masaya ndi m'makutu muli kufiira. Pansi pa chibwano ndi m'khosi muli mdima wopendekera ku pepo. Wakuda weniweni mumaupeza mwina m'kati mwa diso ndi m'tsitsi basi.

Ndimachita chonchi. Poyamba ndimapaka yellow ochre kapena olenji wosungunuka pankhope ponse, kusiya pamene pakuwala. Ukauma ndimabweretsa burnt sienna, osati ponseponse, kuti woyamba uja uzionekabe pachipumi ndi pamasaya. Ukaumanso ndimasakaniza burnt sienna ndi ultramarine n'kuika m'mithunzi. Mitundu iwiriyi ikakumana imapereka chilichonse kuyambira khofi wamkaka mpaka mdima wa bii, malingana ndi umene wachuluka, ndipo mdima wake umakhala wamoyo. Kwa munthu woderapo kwambiri ndimabwereza kachitatu ndi kachinayi, mopyapyala, m'malo mothira wokhuthala kamodzi. Kusakaniza komweku ndi kumene kumandipatsa mitambo ya mvula pamwamba pa Michiru, phula wa msewu, ndi malata akale a dzimbiri. Ndikanauzidwa kuti ndisunge mitundu iwiri yokha, ndikanasunga imeneyi.

Utoto wina uli pansi pa mapazi athu. Wamadzi wogula ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi gum arabic, utomoni wa mitengo ya banja la mthethe umene wambiri umachokera ku Sudan. Ngakhale burnt sienna uja poyambirira linali dothi la ku Siena, ku Italy, lowotchedwa. Katondo wathu amathekanso. Ndimamusefa, kumuthira m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kudikira kamphindi kuti mchenga ukhale pansi. Madzi ofiira apamwamba ndimawatsanulira m'chitini china n'kuwasiya usiku wonse. Kukacha ndimataya madzi oyera, pansi pamatsala matope osalala. Amenewo ndimawasakaniza ndi utomoni wa mthethe umene ndauviika m'madzi ofunda n'kuusefa ndi kansalu, kenako ndimathira m'zitsekero za mabotolo kuti aume. Popanda utomoni, dothilo likauma limachoka pa pepala ngati fumbi. Opanga utoto ena amathiramo uchi pang'ono kuti usaume gwa; kwathu kuno uchi umenewo ndi kalata yoitanira nyerere, ndiye ine sindithira.

Kufiira kwa katondo kumachokera ku dzimbiri la chitsulo cha m'nthaka, ndipo dzuwa silikusulutsa. Amene anafikako ku Chongoni, ku Dedza, anaona zojambula za pa miyala, zofiira zimene amati ndi za Akafula, ndi zoyera za dothi loyera zimene anajambula Achewa. Malo ake alipo 127, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Nditaziona ndinaleka kuona ngati utoto wa dothi ndi wongogwirizira poyembekeza wogula. Tsopano ndikamayenda ndimatapa dothi pang'ono m'kabokosi ka machesi. La ku Thyolo ndi lofiira psuu, la m'dambo ndi lotuwa modera, la kumudzi kwathu limapendekera ku chikasu. Tsamba la malo amenewo ndimalipaka ndi dothi la komweko. Za m'khitchini sizikhalitsa chonchi. Chidede chimakongola tsiku loyamba, pambuyo pake chimatuwa n'kuzilala. Tiyi wopanda mkaka amasiya khaki wabwino, ngakhale ine sindikonda kukalambitsa tsamba mwadala. Pepala lathu limakalamba lokha mosapemphedwa.

Tsopano guluu, pamene masamba ambiri amaonongekera. Wodalirika kwa ine ndi guluu woyera wa akalipentala, wotchedwa PVA, wogula ku hadiweya. Botolo limodzi limatha chaka. Ndimamusungunula ndi madzi pang'ono, n'kumupaka mopyapyala ndi kakhadi kakale ka mayunitsi kapena burashi yotha ntchito. Burashi yanu yabwino isayandikire guluu. Pakani pa chidutswa chimene mukumata mpaka m'mphepete, ndipo musachiike nthawi yomweyo. Pepala lopyapyala likamwa madzi a mu guluu limafutukuka. Mukaliika lisanamalize, limafutukukira pa tsamba n'kuchita makwinya. Werengani mpaka 20, kenako ikani, n'kusalaza ndi kakhadi kuchokera pakati kupita kunja. Pamwamba ikani pulasitiki ya paketi ya shuga, tsekani buku, lipsinjeni ndi chinthu cholemera mpaka liume.

PVA akauma amasanduka khungu la pulasitiki losaoneka. Pamene wadontha kapena pamene chala chanu chaguluu chakhudza, utoto wamadzi sudzagwirapo. Ichi n'chifukwa chake ine ndimatsata dongosolo ili nthawi zambiri: pensulo kapena bolopeni, kenako utoto, tsamba liume, ndimate, liumenso, ndipo pomaliza ndibwerere ndi cholembera kulumikiza zomata ndi zojambula. Gawo lomalizali ndi limene limachititsa kuti chidutswa chomata chisaoneke ngati mlendo pa tsambapo. Mzere wa denga upitirire kuchoka pa chithunzi kulowa pa pepala, duwa la pa chitenje limere nthambi za bolopeni, mthunzi wochepa ugwe m'mphepete mwa chidutswa. Khungu lomwelo la pulasitiki limafewa kukatentha, masamba n'kumatana. Tsamba lililonse laguluu likatha ndimalipaka kandulo mopepuka kapena kuwazapo paudala wa ana.

Glue stick ndi wabwino pa timapepala topyapyala chifukwa madzi ake ndi ochepa, koma zolemera amazitaya pakapita nthawi. Phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu limamata pepala bwino kwambiri, silinyezimira, utoto umagwirapo, ndipo okonza mabuku akale amagwiritsa ntchito la tirigu mpaka lero. Vuto lake ndi lakuti ndi chakudya. Limasasa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo mphemvu zimalitsata usiku n'kudya chithunzi pamodzi ndi phala. Selotepi ndiye musaiyese n'komwe pa chinthu chimene mukufuna kusunga: imafiira, imauma, imagwa, n'kusiya banga lamafuta.

Nanga mumata chiyani? Pa intaneti muona anthu akugula mapepala okongoletsa okonzeratu, mapu akale a mayiko amene sanafikeko, masitampa ojambulira. Ine zimenezo sizindisuntha. Masamba anga amene ndimabwererako ndi aja ali ndi zinthu zimene zinadutsa m'manja mwanga: khadi la chinkhoswe, pepala la paketi ya tiyi, pulogalamu ya pa maliro, chikuto cha mbewu za mpiru zimene ndinafesa kuseri kwa nyumba. Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinajambula paketi ya shuga, botolo la mafuta ophikira ndi sopo, n'kulemba mitengo yake pambali. Chaka chotsatira ndinabwereza pa tsamba lina. Masamba awiriwa alibe luso lililonse, koma mlendo aliyense akafika pamenepo amaima.

Pa malisiti samalani. A m'masitolo akuluakulu ndi a magetsi olipiriratu salembedwa ndi inki. Pepala lake lili ndi mankhwala amene amada akatenthedwa, ndiye kutentha, dzuwa, selotepi ndi maguluu ena zimalidetsa lonse kapena kufufuta zolembazo. Ngakhale osalikhudza, pakatha miyezi limayera lokha. Lichiteni fotokope, kapena lembani mtengowo ndi bolopeni pambali pake tsiku lomwelo. Nyuzipepala siifufutika, koma imafiira n'kuyamba kuthetheka, chifukwa pepala lake ndi la mtengo wopera wosayeretsedwa kwenikweni. Mitu ya nkhani imene ndinadula mu The Nation ndi The Daily Times mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, lero ndi yakhaki. Sabata imeneyo sindinathe kujambula kalikonse. Ndinangomata mituyo n'kupaka wotuwa pamwamba, kuyembekeza uume, n'kupakanso. Phirilo ndi zipsera zake ndinalijambula pambuyo, nditaima patali, pa tsamba loyang'anana nalo. Sindinganene kuti kuchita zimenezo kunachiritsa chilichonse. Kunangondipatsa chochita ndi manja madzulo amene kukhala chete kunali kovuta.

Tizigamba ta zitenje ndimatenga kwa atelala ena achikulire a pa khonde pafupi ndi kuntchito. Tsiku loyamba anandiyang'ana modabwa.

"Achemwali, timeneti ngakhale thumba la kabudula wa mwana sitikwana. Mukasokera chiyani?"

"Sindikasoka ayi, bambo. Ndikamata m'buku."

"M'buku? Koma ziliko chaka chino."

Anaseka, koma kuyambira pamenepo amandisungira m'kathumba, ndipo iwo ndi amene anandichenjeza kuti zitenje zina zotsika mtengo zimachucha. Ndi zoona. Nyowetsani kangodya n'kukanikiza pa pepala loyera musanamate. Pa nsalu guluu amapakidwa pa tsamba, mopyapyala, chifukwa akachuluka amabowoleza n'kusiya mawanga akuda onyezimira. Kachigamba kamene ndikukakonda kwambiri sindimata n'komwe, ndimakasokerera pa pepala ndi singano. Umu ndi mmene ndinasungira kachidutswa ka chitenje cha malemu mayi anga, pafupi ndi chithunzi cha mtondo wawo. Masamba a mitengo ndi maluwa, monga a jakaranda amene amayala misewu ya Blantyre mu Okutobala, ayambe auma m'kati mwa nyuzipepala kwa milungu iwiri kapena itatu. Mukamata aawisi, chuku chimayamba pomwepo, ndipo a jakarandawo akauma pepo wake amazilala, ndiye ndi bwino kuwajambulanso ndi utoto pambali akadali atsopano.

Za kakonzedwe ka tsamba ndilibe zambiri. Chinthu chimodzi chikhale chachikulu, zina zing'onozing'ono, ndipo pena pasiyidwe popuma maso. Kung'amba kumapereka m'mphepete mofewa, moyenera mapiri ndi mitambo. Sizasi ndi ya nyumba ndi zilembo. Musanapake guluu, yalani zidutswa zonse pa tsamba, muzijambule pa foni, muzisunthe, mujambulenso. Pa kachithunzi ka pa foni cholakwika chimaonekera msanga kuposa pa tebulo.

Kujambula pagulu kuli ndi zake. Munthu akakuona ukumuyang'ana n'kumalemba m'buku, amaganiza kuti mwina ndiwe wa ku khonsolo. Pamsika ndimayamba ndagula, kenako ndimapempha: "Mayi, mungandilole ndijambule tomato wanuyu?" Ambiri amalola, ena amafuna aone ndikamaliza, ena amakana, ndipo akakana ndimatseka buku. Pa depoti ya maminibasi ndimajambula misana, mapazi, madengu ndi mipango ya kumutu, poti nkhope ya munthu si yongotenga. Panja ndimangogwira mizere ndi bolopeni, n'kulemba mayina a mitundu ndi pensulo, utoto ndimakapakira kunyumba. Anthu sakhala phee, ndiye chojambula chimodzi chimatha kukhala ndi mutu wa uyu ndi miyendo ya wina amene anabwera kudzaima pomwepo.

M'nyumba zathu buku losiyidwa pa tebulo ndi la aliyense. Ana amatsegula, alendo amatsegula, ndipo sungawaletse osaoneka wamwano. Zimene sindifuna ziwerengedwe ndimalemba pa kapepala n'kuika mu envulopu yomatidwa pa tsamba, kapena ndimalemba ndi bolopeni mizere yosanjikizana mpaka isawerengeke, kenako n'kupakapo utoto. Musanaike chithunzi cha tsamba pa Facebook kapena WhatsApp, onani bwino zimene mwamatazo. Pa malisiti pamakhala nambala ya mita ya magetsi kapena ya foni, pa makhadi a ukwati pamakhala mayina ndi manambala a anthu amene sanakupatseni chilolezo. Ana akakakamira burashi yanu, asokereni kabuku kawo ka mapepala a fotokope ndi kuwapatsa kabokosi ka utoto kotsika mtengo kaja, mtendere umabwera.

Pa ngodya ya tsamba lililonse lembani tsiku ndi malo. Mabuku otha musawasunge pansi kapena mogunda khoma, chiswe chimadya kuchokera kuseri osaonekera mpaka mutatsegula. Musawatsekerenso mu pulasitiki ali ndi chinyontho. Anga amakhala pa shelefu yapamwamba, choimirira, pamodzi ndi timapaketi ta timibulu toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Mvula ikatha, cha mu Meyi, ndimawatulutsa pa khonde pamthunzi, osati padzuwa, n'kuwatsegula tsamba ndi tsamba. Pamene pachita chuku ndimasesa ndi burashi youma ndili panja pomwepo. Masamba amene amatana ndimawalekanitsa pang'onopang'ono ndi mpeni wosathwa, n'kupakanso kandulo ndisanawabweze pa shelefu.